Chithunzi Ndi Mboni: Za Kujambula Gombe la Salima

Nkhani yowerengedwa pa wailesi m'nthawi ya alimi ndi mafumu

 Nkhani yathu ya lero ndi ya zithunzi. Kapena ena mwa inu muyesa kuti imeneyi ndi nkhani ya alendo odzaona nyanja, kapena ya anyamata ongoseweretsa mafoni, yosakhudza munthu wa khasu ngakhale wa khoka. Tikupemphani kuti mudekhe kufikira titamaliza, pakuti tifuna kukuonetsani kuti chithunzi chojambulidwa bwino ndi kusungidwa bwino chikhoza kuthandiza mfumu poweruza mlandu wa malo, chikhoza kuchenjeza mlimi asanamange nyumba pa njira ya madzi, ndiponso chikhoza kupezetsa mwai mnyamata waluso pa mpira.

KAMERA IGWIRA NCHITO BWANJI

Tiyambe ndi chida chenichenicho. Kamera ndi kabokosi ka mdima kokhala ndi diso la galasi kutsogolo kwache. Kuseri kwa disolo kuli kachitseko kamene katseguka ndi kutsekeka msanga koposa kuphethira kwa munthu. Pa kanthawi kochepako kuwala kochokera ku mtengo, ku bwato kapena ku nkhope ya munthu kulowa m'kati, nkusiya maonekedwe ache pa chinthu chimene chaikidwamo. Kale chinthucho chinali filimu, imene inkatumizidwa ku tauni kukatsukidwa ndi mankhwala. Lero ndi kachipangizo ka magetsi kochepa ngati chikhadabo, ndipo kamera yotere ipezeka m'mafoni ambiri a m'manja. Koma nchito yache njomweyo, ndiyo kugwira kuwala.

Pamenepa pali lamulo limodzi loyenera kulikumbukira. Kuwala kukachuluka, kachitseko kaja katseguka kanthawi kochepa kwambiri, ndipo ngakhale munthu wothamanga aoneka ngati waima. Kuwala kukachepa, monga madzulo kapena m'nyumba, kachitseko kakhalitsa kali kotsegula, ndipo chilichonse chimene chagwedezeka, kaya ndi munthu wojambulidwayo kaya ndi dzanja la wojambula, chituluka chosaoneka bwino ngati chapakidwa phulusa. Munthu amene wamvetsa lamulo ili wadziwa kale theka la nchito yonse.

ZITHUNZI ZOYAMBA M'DZIKO MUNO

Kujambula si chinthu chachilendo kuno ai. Pa ulendo wa David Livingstone wa m'zaka za 1858 mpaka 1864, umene unamfikitsa pa nyanja yathu mu 1859, panali dokotala wina dzina lache John Kirk. Iyeyu anali ndi kamera, ndipo zithunzi zache za m'chigwa cha Zambezi ndi Shire zili m'gulu la zithunzi zoyamba za kuno. Masiku amenewo katundu wojambulira anali wolemera, mankhwala ankaonongeka ndi kutentha, ndipo wojambulidwa ankayenera kukhala chete osagwedezeka kwa nthawi ndithu.

Mwa anthu a dziko lino, wotchuka woyamba pa luso limeneli anali Mungo Murray Chisuse, amene anaphunzira nchito yosindikiza mabuku ku Blantyre Mission, nadzatsegula nyumba yache yojambuliramo zithunzi ku Blantyre. Iyeyu ndiye anajambula John Chilembwe ndi banja lache. Chilembwe anamwalira mu 1915, koma nkhope yache tiidziwa tonse kufikira lero, ndipo tiiona pa ndalama zathu, chifukwa cha zithunzi zimene zinajambulidwa iye ali moyo. Taganizani, mafumu angati a kuno ku Salima amene anakhalako nthawi imodzimodziyo, amene maina ao tiwatchula pa maliro ndi pa kulonga ufumu, koma nkhope zao palibe aidziwa?

Njanji inafika ku Salima mu 1935, podzera ku Chipoka, ndipo alendo anayamba kubwera ku Senga Bay, kumene kunali hotela yotchedwa Grand Beach Hotel, imene lero itchedwa Sunbird Livingstonia Beach. Alendowo anajambula gombe, mabwato ndi zilumba. Boma nalonso linajambulitsa dziko lino pa ndege pokonza mapu, ndipo kuyambira 1972 makina ozungulira dziko m'mlengalenga akhala akujambula nyanja ndi mapiri athu chaka ndi chaka. Zithunzi zakale zambiri zisungidwa ku National Archives ku Zomba ndi ku Society of Malawi ku Mandala, mu Blantyre. Chosowa ndi chimodzi: zithunzi zojambulidwa ndi eni mudzi, zosungidwa m'mudzi momwemo.

NYANJA IKWERA NDI KUTSIKA

Tsono chifukwa ninji mudzi wa pa gombe uyenera kukhala ndi zithunzi zache? Chifukwa choyamba ndi madzi. Nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 560, ndipo malo ena kumpoto ndi yakuya pafupifupi mamita 700. Mitsinje yambiri ithira m'menemo, koma wotuluka ndi umodzi wokha, ndiwo Shire, ndipo madzi ambiri achoka pouma ndi dzuwa. Chifukwa chache kukwera ndi kutsika kwa nyanja kutsata mvula. Chaka chilichonse madzi afika pamwamba cha mu April kapena May, natsika kufikira November kapena December, ndipo kusiyana kwache kuli ngati mita imodzi.

Koma palinso kukwera ndi kutsika kwina kwa zaka zambiri, kumene munthu mmodzi sakuona konse m'moyo wache. Cha m'ma 1915 nyanja inatsika kotero kuti Shire analeka kutuluka. Mchenga ndi bango zinatseka njira yache kwa zaka pafupifupi 20, kufikira madzi anadzakweranso ndi kuswa chotchingacho cha m'ma 1935. Mu 1980 madzi anakwera kupitirira mamita 477 pamwamba pa nyanja yamchere, kutanthauza mamita oposa 6 pamwamba pa pamene anali mu 1915. Pambuyo pache anatsikanso, ndipo mu 1997 ndi mu 2016 anachepa kotero kuti anthu anada nkhawa za magetsi opangidwa pa Shire, ngakhale kuti ku Liwonde kuli chotchinga cha Kamuzu Barrage, chomangidwa mu 1965, chimene chithandiza kusunga madzi. Ndipo mu 2024 nyanja inakweranso kwambiri, nilowa m'nyumba, m'minda ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota.

Taonani kuwerengera kwache. Gombe lathu la Salima ndi lachidikha m'malo ambiri. Tiyerekeze kuti pa malo ena nthaka ikwera mita imodzi yokha pa mamita 100 aliwonse. Pamenepo nyanja ikakwera mamita awiri, idya mamita 200 a mtunda. Ikatsika, isiya mamita 200 omwewo a dothi lachonde, ndipo anthu athamangirako kukadzala mpunga, chimanga cha m'dimba ndi mbatata. Zaka zikapita khumi ali amanga nyumba. Zikapita makumi awiri ena agulitsa malowo kwa munthu wa ku tauni. Kenaka madzi abwerera, pakuti akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mlandu ukafika pa bwalo, mmodzi ati pano panali munda wa agogo anga, wina ati ai, pano panali nyanja, ndipo onse awiri anena zoona, koma za zaka zosiyana.

Akuluakulu oyang'anira za madzi a National Water Resources Authority anakumbutsa anthu mu 2024 kuti pansi pa mzere wa mamita 477 si malo omangapo. Koma mzere umenewu suoneka ndi maso pa mchenga. Chimene chioneka ndi chithunzi choonetsa pamene madzi anafika pa tsinde la mlambe wakuti, kapena pa khonde la sukulu yakuti, m'chaka chakuti.

MMENE MUDZI UNGASUNGIRE MBIRI YA GOMBE LACHE

Nchito yache si yovuta ndipo siifuna ndalama zambiri. Mfumu ndi nduna zache asankhe malo awiri kapena atatu pa gombe, pamtunda ndithu pamene madzi safika, ndipo azike chipilala cha simenti kapena mwala waukulu pa malo alionse. Asankhenso munthu wokhulupirika amene ali ndi foni ya kamera, kaya ndi mphunzitsi, kaya ndi mlembi wa komiti ya asodzi ya pa doko. Tsono atsate izi:

Choyamba, ajambule ataima pa chipilala chomwecho, atayang'ana mbali yomweyo, kawiri pa chaka: mu May pamene madzi ali pamwamba, ndi mu November pamene atsika.

Chachiwiri, m'chithunzi chilichonse mukhale chinthu chosasuntha, monga mlambe, thanthwe, mzikiti, tchalitchi, kapena chilumba cha Namalenje kwa iwo a ku Senga Bay. Chithunzi cha madzi ndi mchenga wokha sichinena kanthu, pakuti mchenga wonse ufanana.

Chachitatu, munthu mmodzi aime m'mphepete mwa madzi atagwira nsungwi yaitali mamita awiri, kuti woona chithunzi adziwe kukula kwa zinthu.

Chachinai, zithunzizo zitsukidwe pa pepala. Foni ibedwa, igwa m'madzi, kapena igulitsidwa nthawi ya njala, ndipo zonse za m'kati mwache zipita nayo. Kuseri kwa pepalalo mulembe tsiku, mwezi, chaka, malo ndi dzina la wojambula.

Chachisanu, musunge mapepalawo m'buku limodzi, m'chitini chotseka bwino chifukwa cha chiswe ndi chinyezi, ndipo buku lina lofanana nalo likhale ku sukulu.

Pakutha pa zaka zisanu bukulo lidzayamba kulankhula. Pakutha pa zaka makumi awiri lidzakhala mboni imene siiwala, siilandira chiphuphu, ndipo siiopa munthu. Lamulo la malo a makolo la 2016, lotchedwa Customary Land Act, linakhazikitsa makomiti a za malo m'midzi. Buku lotere lidzawathandiza kwambiri makomitiwo.

MAPIRI, MITSINJE NDI NSOMBA

Chimene tanena za madzi chigwiranso pa mitengo. Kumadzulo kwa Salima kuli mapiri a Thuma, nkhalango yotetezedwa kuyambira 1926, kumene kukhala njobvu. Kunja kwa malire a nkhalango zotetezedwa mitengo yachepa chifukwa cha makala, nkhuni zootchera njerwa ndi zowambira nsomba, ndi minda yatsopano. Mtengo ugwa umodziumodzi, kotero kuti munthu wokhala pomwepo saona kusintha. Koma ikani zithunzi ziwiri za phiri lomwelo pamodzi, china cha lero china cha zaka khumi zapitazo, ndipo ngakhale mwana adzaona.

Nthaka yochoka m'mapiri ndi m'minda siitayika chabe ai, ipita ku nyanja. Mtsinje wa Linthipe, umene ulandiranso madzi a mtsinje wa Lilongwe, ufika ku nyanja nthawi ya dzinja uli wofiira ndi matope, ndipo zithunzi za m'mlengalenga zionetsa matopewo atatambalala kutali pamwamba pa madzi oyera. Patsogolo pache pali zilumba za Maleri, Nankoma ndi Nakantenga, zimene zili mbali ya Lake Malawi National Park, yokhazikitsidwa mu 1980. M'matanthwe a zilumbazo mukhala mbuna, tinsomba tamaanga tija timene tidya ndere zomera pa miyala. Matope akakuta miyalayo ndere sizimera bwino, ndipo nsomba zisowa chakudya. Mpasa nazonso, zimene zikwera mitsinje kukaswa pa timiyala ta pansi pa madzi, zivutika matope akakwirira malo ao. Chotero mlimi wa kumtunda amene alima kufikira m'mphepete mwa mtsinje, osasiya udzu ndi mitengo, alanda ndiwo m'mbale ya mnzache wa ku gombe osadziwa.

Asodzi akale adziwa kuti chambo chachepa kuyerekeza ndi zaka za m'ma 1980, ndi kuti tsopano usipa ndiwo uchuluka pa thandala. Koma achinyamata akauzidwa ayesa nthano za okalamba. Chifukwa chache komiti ya pa doko ichita bwino kujambula nsomba zogwidwa, mwezi womwewo chaka ndi chaka, zitayalidwa pafupi ndi rula ya ku sukulu kapena bokosi la machesi. Zikayamba kuchepa msinkhu, chithunzi chidzanena msanga, ndipo podzudzula ogwiritsa nchito masikito ndi maukonde a maso ang'onoang'ono komitiyo idzakhala ndi umboni m'manja.

Chitsanzo chabwino chili kwathu konkuno. Pa chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, usodzi ukhala wotsekedwa kuyambira mu December kufikira mu April, ndipo mwambo umenewu unayamba m'zaka za m'ma 1950 mwa ulamuliro wa mfumu, Boma lisanaike lamulo la usodzi la 1997 limene lipatsa midzi mphamvu pa nchitoyi. Pa chilumbapo saloleza mowa, chamba kapena juga, ndipo wolakwa achotsedwa. Chotsatira chache nchakuti utaka wa ku Mbenji udziwika kutali, ndipo akatswiri a maiko ena abwera kudzaphunzira. Zithunzi za tsiku lotsegulira chilumbacho, mabwato ali m'mizere ndi mafumu ali pa bwalo, zaphunzitsa anthu ambiri amene sanapondepo ku Chikombe.

DZUWA LA KU SALIMA

Tsopano tinene za kajambulidwe. Gombe la Salima liyang'ana kum'mawa, kotero dzuwa lituluka pa nyanja nililowa kuseri kwa mapiri. Ichi chitanthauza kuti m'mamawa, ukayang'ana ku nyanja, uyang'anana ndi dzuwa. Chithunzi cha nthawi imeneyo chikongola ndithu, madzi ali psuu ndi mabwato obwera ku usodzi akuoneka ngati mithunzi yakuda, koma nkhope za anthu sizioneka. Ngati mufuna chithunzi cha umboni, choonetsa bwino malire a madzi ndi mitengo, jambulani chakumadzulo, cha m'ma 3 kapena 4 koloko, dzuwa lili kumbuyo kwanu. Ngati mufuna kujambula mapiri a kumtunda, chitani m'mawa. Masana dzuwa lili paliwombo mchenga uthobwa m'maso ndipo nkhope zida pansi pa zipewa. Pamenepo muimike munthu pa mthunzi wa mtengo.

Nyengo nayonso ili ndi mau. Mu September ndi October mlengalenga mudzala utsi wa moto wa tchire ndi fumbi, ndipo tsidya lija la nyanja lisowa. Mvula ikagwa nkukonza mlengalenga, mapiri a kum'mawa aoneka ngati ali pafupi. M'miyezi ya June ndi July uomba mwera, ndipo mafunde aakulu amenya gombe. Ndiyo nthawi yabwino yojambula mmene nyanja ikugumulira nthaka, koma muime patali. Nthawi zina muona nkhungu zikukwera pakati pa nyanja ngati utsi wa sitima. Zimenezo ndi tizilombo touluka tochuluka kosawerengeka, tochokera pansi pa madzi.

Pojambula nyanja, mzere wopingasa pamene madzi akumana ndi thambo ukhale wowongoka, kuti madzi asaoneke ngati akutayikira mbali imodzi. Pukutani galasi ndi nsalu yofewa, pakuti mchenga ulikanda. Ndipo wofuna kujambula nkhwazi ikugwira nsomba, kapena mphipi zikuyanika mapiko pa thanthwe, akumbuke kuti kuona maso a nkhono nkudekha. Mvuu ndi ng'ona muzijambule muli kutali. Palibe chithunzi choposa moyo wa munthu.

ZITHUNZI ZA MASEWERA

Gombe lathu ndi bwalo la masewera lomwe. Mu 1992 Lewis Pugh anasambira kuoloka nyanja kuchokera ku Cape Ngombo, tsidya la kum'mawa, kufika ku Senga Bay, mtunda wa makilomita 25, m'maola osakwana 10, ndipo ena amutsata pa njira yomweyo, mwa iwo mai wina dzina lache Abigail Brown mu 2010. Mu 2019 Martin Hobbs wa ku South Africa anasambira utali wonse wa nyanja m'masiku 54. Mpikisano wa ngalawa za matanga wotchedwa Lake Malawi Sailing Marathon, umene unayamba mu 1984, unkaima pa Senga Bay pa ulendo wache wochoka ku Mangochi kupita kumpoto. Zonsezi tizidziwa chifukwa panali ojambula ndi olemba. Koma mpikisano wa anyamata athu opalasa mabwato, amene atha kupita ku Maleri ndi kubwerako mwera ukuomba, ajambula ndani?

Mpira wa pa mchenga wakula kwambiri kuno, ndipo mipikisano yaikulu yachitikira ku Senga Bay. Mpira umenewu useweredwa ndi anthu asanu mbali iliyonse, opanda nsapato, m'zigawo zitatu za mphindi 12. Timu ya dziko lino inafika ku mpikisano wa maiko a mu Africa ku Vilankulo, m'dziko la Mozambique, mu 2022, ndiponso ku Hurghada, m'dziko la Egypt, mu 2024. Osewera otere achokera m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ngati yanuyo. Osankha timu sangafike pa doko lililonse, koma chithunzi kapena kanema wa mphindi imodzi afika kwa iwo tsiku lomwelo.

Pojambula masewera kumbukani lamulo lija la kuwala. Kuti munthu wothamanga aoneke bwino, kachitseko kayenera kutseguka gawo limodzi mwa magawo 500 a sekondi, kapena kuchepera apo. Foni ichita zimenezi yokha ngati kuli dzuwa lokwanira, choncho jambulani kusanade. Imani dzuwa lili kumbuyo kwanu, pafupi ndi golo, pakuti ndi pamene nkhani ichitikira. Gwadani pansi kuti osewera aoneke aatali ndi mchenga wouluka uoneke. Musathamangitse mpira ndi kamera. Lozani pamene mpirawo ukupita, ndipo mudine wosewera asanaumenye, chifukwa mukadikira kuti muone chigoli mwachedwa kale. Pa ntchemberembaye, nthawi yabwino ndi pamene wosewera walumpha nafika pamwamba penipeni, pakuti pamenepo thupi liima kanthawi lisanatsike. Musaiwale oonerera, amai ovina kunja kwa bwalo ndi mfumu yopereka mphoto, ndipo lembani maina a osewera kuseri kwa chithunzi.

CHITHUNZI PA BWALO LA MSONKHANO

Pa nchito za chitukuko chithunzi chifupikitsa mau. Mlatho ukakokoloka, mjigo ukaonongeka, kapena denga la sukulu likasasuka ndi mphepo, kalata yopita ku khonsolo kapena kwa bwana DC ilemera koposa ikakhala ndi chithunzi cholembedwa tsiku. Momwemonso pamene mudzi walandira simenti kapena malata, jambulani katunduyo pofika, anthu akuona, ndipo jambulaninso nchito itatha. Kutero kuteteza komiti yokhulupirika ku miseche, ndipo kuchititsa manyazi yosakhulupirika.

Chithunzi chitionetsanso zathu zomwe. Mliri wa kolera umene unayamba mu March 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo madoko a asodzi anali ena mwa malo ovutika kwambiri, chifukwa anthu achuluka pamenepo koma zimbudzi nzochepa. Mfumu imene ijambulitsa doko lache m'mawa, zinyalala ndi zonyansa zili mbwee pafupi ndi pamene amai atunga madzi, nionetsa anthu ache pa msonkhano, siidzasowa kulankhula nthawi yaitali.

Koma chenjerani, pakuti mboni imeneyi ikhoza kunamizidwa. Wojambula asankha chimene afuna kuonetsa, nasiya kunja chimene safuna. Munthu akhoza kujambula ngodya imodzi ya munda imene yauma nanena kuti munda wonse wapsa. Wina atenga chithunzi cha chigumula cha dziko lina nati ndi cha ku Lifidzi dzulo. Ndipo masiku ano kompyuta itha kupanga chithunzi cha chinthu chimene sichinachitike konse. Tsono inu oweruza milandu, chithunzi chikabwera pa bwalo funsani mafunso anai: anajambula ndani, liti, ataima pati, ndipo ndani wina anali pomwepo? Chikayankhidwa bwino chilandireni. Chikapanda kuyankhidwa chiyeseni mphekesera.

ULEMU POJAMBULA

Potsiriza, kamera siichotsa mwambo. Munthu asajambulidwe osapemphedwa. Amai osamba kapena ochapa pa gombe asajambulidwe konse, ndipo ana asajambulidwe popanda chilolezo cha makolo ao, makamaka ali osavala. Lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act lili ndi zilango kwa ofalitsa zithunzi zolaula za ana ndi kwa ozunza anzao pa intaneti. Za ku dambwe, za ku simba ndi za ku ndagala si za kamera. Gule Wamkulu ajambulidwa pa bwalo pokha, eni ache atavomera. Pa maliro ndi pa ngozi thandizani poyamba, ndipo musatumize chithunzi cha womwalira abale ache asanamve uthenga. Kumbukaninso kuti ku Salima kuli sukulu ya asilikali ya MAFCO, ndi ku Senga Bay kuli asilikali a maparachuti. Malo ao sajambulidwa popanda chilolezo. Alendo odzaona nyanja muwalandire bwino, koma ndi udindo wa mfumu kuwauza mwaulemu zimene ziloledwa m'mudzi mwache ndi zimene siziloledwa.

Tsono mafumu ndi anyakwawa, pempho lathu ndi ili. Pa msonkhano wanu wotsatira sankhani malo a zipilala zija, sankhani wojambula, ndipo gulani buku limodzi. Yambani ndi chithunzi cha gombe, cha phiri, cha nsomba za pa doko, cha timu ya mudzi, ndi cha okalamba onse amene akali moyo, aliyense ndi dzina lache. Funsaninso m'mabanja ngati muli zithunzi zakale za ukwati kapena za ku sukulu zoonetsa nyanja kumbuyo, pakuti nazonso zinena pamene madzi anali. Amene adzakhala pa mipando yanu zaka 50 zikudzazo adzaweruza milandu ya malo omwewo ndi nyanja yomweyo, ndipo adzayamika kuti munawasiyira poyambira.